Press release isamakudyereni tsiku lonse

Amene mumagwira ntchito m'timabungwe ting'onoting'ono muno mu Blantyre, kaya ndi ku mpingo, kaya gulu la achinyamata ku Bangwe, kaya kakampani kogulitsa ma solar ku Limbe, mukudziwa mmene zimakhalira. Bwana amangosuzumira pakhomo nkuti "tatilemberani ka press release, ndi zachangu", kutanthauza chikalata chotumiza kwa atolankhani kuti alembe nkhani ya bungwe lanu, ndiye iwe umakhala pa kompyuta kuyambira m'mawa, nsima ya masana osaiona, pofika 4 koloko chikalata chija chikadali pa tebulo la munthu wina kudikira siginecha, atolankhani nkuti ali kalikiliki kutseka masamba a mawa ndipo za iwe alibe nazo ntchito.

Ine ntchito imeneyi ndaigwira kwa nthawi ndithu ndipo chimene ndaona nchakuti kutaipa sikumene kumadya nthawi. Press release yabwino ndi tsamba limodzi basi, mawu 300 kapena 400. Nthawi imathera pa kudikira anthu, kusakasaka zinthu zomwe zimayenera kukhala pafupi kale, komanso kulemba zokondweretsa bwana m'malo molemba zoti mtolankhani agwiritse ntchito. Ukamuchepetsera ntchito mtolankhani nawenso imakuchepera, chifukwa sakuimbiranso foni kufunsa kuti kodi mwambowu uli kuti, nanga amene ali pachithunzipa ndi ndani.

Tiyambe ndi ndime yoyamba chifukwa ndi pamene ambiri timatayira ola lathunthu. Zikalata zambiri za kuno zimayamba kuti akuluakulu a bungwe lakutilakuti akufuna kudziwitsa anthu onse kuti, kenako mbiri ya bungwe, linayamba chaka chanji, masomphenya ake ndi otani, athandizi ndi ndani, nkhani yeniyeni nkudzaipeza pansi pafupi ndi chidindo. Mkonzi amene walandira maimelo ambirimbiri m'mawa umenewo sangafike pansipo. Ndipo ngakhale atafika, nkhani ikatalika amadula kuchokera pansi, nchifukwa chake ku sukulu za utolankhani monga ku MIJ kapena ku MUBAS amaphunzitsa kuti chofunika kwambiri chikhale pamwamba, zina zizitsatira malinga ndi kulemera kwake. Ine ndimachita chonchi: ndimayerekeza kuti mnzanga wakwera kale minibasi pa Wenela, kondakitala akutseka chitseko, ndiye ndimuuze nkhaniyo pawindo isananyamuke. Zimene ndingafuule pamenepo ndiye ndime yoyamba. Ndani, achita chani, kuti, liti, chifukwa chani.

Tiyerekeze kuti gulu lanu likukadzala mitengo. Musayambe ndi kusintha kwa nyengo padziko lonse, ayi. Lembani kuti achinyamata a ku Ndirande adzala mitengo yokwana mwakuti m'phiri la Ndirande Loweruka likubwerali kuyambira 8 koloko m'mawa, pofuna kuchepetsa madzi amene amatsika m'phirimo nkumakokolola nyumba nthawi ya mvula. Kwatha. Munthu wa ku Blantyre amene anaona zimene namondwe Freddy anachita ku Chilobwe ndi ku Soche mu Malichi 2023 safunika kumufotokozera kuti phiri lopanda mitengo ndi loopsa bwanji. Ndime yachiwiri mawu a munthu mmodzi, yachitatu manambala ndi tsatanetsatane, kenako za bungwe, kenako foni.

Paja press release inayamba ndi ngozi, osati phwando. Mu Okutobala 1906 sitima yapamtunda ya kampani ya Pennsylvania Railroad inagwera m'madzi ku Atlantic City ku America, anthu oposa 50 anafa, ndipo Ivy Lee amene ankayendetsa zofalitsa nkhani za kampaniyo analemba chikalata chofotokoza zimene zachitika nkupereka kwa atolankhani mphekesera zisanafale. New York Times inachisindikiza mmene chinalili. Ambiri amati imeneyo ndiye press release yoyamba. Chimene chimandisangalatsa ine pankhaniyi nchakuti analemba moti nyuzi ikhoza kungotenga nkuika, ndipo mpaka lero cholinga nchomwecho, kungoti ife tinachisandutsa malo otamandirana maudindo.

Tsopano zoti muzikhala nazo kale. Mu press release iliyonse muli zigawo zomwe sizisintha: logo pamwamba, malo a deti, kandime kofotokoza kuti bungwe lanu ndi ndani ndipo limachita chani, dzina ndi nambala ya woyankha mafunso. Lembani zimenezi kamodzi, bwana azivomereze kamodzi, muzisunge mu fayilo imodzi ndipo musadzazikhudzenso. Ine yanga ili pa Google Docs ndipo ndinaichita zoti izitsekuka ngakhale popanda intaneti, chifukwa magetsi akathima kapena bandulo ikatha pakati pa ntchito mukudziwa nokha. Kope ina ili mu foni. Mu fayilo yomweyo ndimasungamo mayina a akuluakulu athu, mafumu amene timagwira nawo ntchito ndi maudindo awo olembedwa molondola, chifukwa kufunsa kuti kodi awa ndi Gulupu kapena T/A, kodi dzina lawo lili ndi h kapena ayi, kumatha kudya theka la ola ukuimbira anthu amene sakuyankha.

Koma chimene chimachedwetsa kwambiri ndi mawu a bwana. Apa ndiye ndikhalitsepo. Mukawauza kuti "bwana tilembereni mawu oti tiike", mwadzipha nokha, adzalemba mawa kapena adzakutumizirani masamba awiri a sipitchi yoyamba ndi kulemekeza aliyense amene adzakhalepo. Ine ndimawatumizira funso limodzi pa WhatsApp, mwachitsanzo "bwana, nchifukwa chani tasankha Ndirande chaka chino?" nkuwapempha kuti ayankhe pa voice note ali m'galimoto momwemo. Munthu akamayankhula amanena zomveka kuposa akamalemba, ndiye ndimamvera, nkutolamo ziganizo ziwiri zamphamvu, nkuzitaipa, nkuwabwezera kuti "ndaika chonchi, zili bwino?" Akangoyankha kuti ok basi ndili ndi umboni mu foni, ndipo sindinapeke mawu oti sananene. Zopeka mawu nkuwaika mkamwa mwa munthu asanaone ndi zoopsa, tsiku lina wailesi idzamuimbira nkumufunsa za mawu amene sakuwadziwa.

Ndipo wovomereza akhale mmodzi. Ndikunenetsa. Chikalata chikalowa mu gulu la pa WhatsApp la komiti yonse aliyense amafuna kuonetsa kuti wawerenga, uyu akuti tionjezere dzina la msungichuma, uyo akuti mawu akuti mwambo tisinthe tiike chochitika, wina akubwera madzulo nkumati bwanji sitinatchule amene anatipatsa mipando, mapeto ake muli ndi mafayilo asanu onse otchedwa final. Gwirizanani pasadakhale kuti amene amavomereza ndi uyu, ena adzaona ikatuluka. Ngati pali athandizi akunja amene amafuna kuona logo yawo isanatuluke, afunseni malamulo awo sabata yathunthu mwambo usanafike, amenewo sachita changu chifukwa cha iwe.

Kenako katumizidwe. Pali chizolowezi china chomwe ndikanakonda chitatha, chosindikiza chikalata, kusaina, kudinda, kenako kuchijambula ndi foni mopendekeka nkutumiza ngati chithunzi. Mtolankhani akachifuna ayenera kutaipanso liwu ndi liwu, ndipo pamenepo ndi pamene manambala amasokonekera, kapena amangochisiya nkutenga nkhani ya wina. Mawu onse aikeni mu imelo momwemo kapena mu meseji kuti munthu akope nkuika. Sindikuti chidindo nchosafunika ayi, masiku ano zikalata zabodza zokhala ndi logo za mabungwe zimayenda kwambiri m'magulu, ndiye PDF yosainidwa muiphatikize ngati umboni komanso muiike pa peji yanu ya Facebook kuti wokaika akaone. Koma ikhale yoperekeza, osati yokhayo.

Zithunzi nazo, WhatsApp imazifinya kuti zisadye data ndiye zikafika ku nyuzipepala zimaoneka zosweka. Tumizani ngati document, zimapita mmene zilili. Ziwiri kapena zitatu zabwino zakwana, osati 40, paja Gmail salola zophatikiza zopitirira 25MB. Chithunzi chilichonse chikhale ndi mawu ake: ndani kuchokera kumanzere, akuchita chani, wajambula ndani. Ndipo chonde, anthu akugwira ntchito osati mzere wa mabwana ataima kutsogolo kwa banner.

Ife a ku Blantyre tili ndi mwayi kuti nyumba zambiri zofalitsa nkhani zili pompano. Nation ndi Times onse ali cha ku Ginnery Corner, MBC ili ku Chichiri, pali Capital FM, MIJ FM, atolankhani a MANA (bungwe la boma lotola nkhani), ndipo ngakhale Zodiak likulu lake lili ku Lilongwe atolankhani ake kuno alipo. Onjezani za pa intaneti monga Nyasa Times ndi Malawi24. Koma musamatumize kwa aliyense chilichonse. Khalani ndi kandandanda, kaya mu Excel kaya mu kope, kosonyeza kuti uyu amalemba za umoyo, uyu za bizinesi, uyu za masewero, ndipo muzikakonza chifukwa atolankhani amasuntha kawirikawiri. Pa imelo gwiritsani BCC kuti musamwaze ma adiresi a anthu. Pa WhatsApp broadcast, njira yotumizira uthenga umodzi kwa anthu ambiri, imalola anthu 256 koma uthenga umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu, ambiri sadziwa zimenezi nkumadabwa kuti bwanji atolankhani onse angoti zii.

Nthawi yotumizira, m'mawa. Akonzi amagawa ntchito m'mawa, ikafika madzulo yachedwa. Ngati mwamaliza usiku Gmail ili ndi schedule send, mumaika kuti ichoke 7 koloko inu muli mu minibasi. Komanso yang'anani kalendala, nkhani ya timu yanu ya mpira wa m'dera musaitumize tsiku limene Bullets ikukumana ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium, ndipo ya bizinesi isakumane ndi tsiku lowerenga bajeti ku Nyumba ya Malamulo. 

China chimene anthu amachinyozera ndi Chichewa. Timalemba Chizungu chokha pomwe anthu amene tikufuna kuti abwere ku mwambo amamvera nkhani za Chichewa pa wailesi, ndipo Weekend Nation ili ndi Tamvani. Ukatumiza ya Chichewa yokonzeka kale wapulumutsa munthu wa mu newsroom ku ntchito yomasulira ndipo mwayi woti iwerengedwe umakula. Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira 2014 koma kukonza zimene imatulutsa kumanditengera ine nthawi yaitali kuposa kulemba ndekha, ziganizo zake zimayenda Chizungu ngakhale mawu ali a Chichewa. Bola kutseka ya Chizungu ija, nkulemba ziganizo zisanu ndi chimodzi zazifupi ngati ukuuza agogo ako, kenako kuwerenga mokweza. Pamene wapunthwa lilime woulutsa nayenso adzapunthwa pomwepo.

ChatGPT ndi anzake ndimagwiritsa ntchito, sindibisa, makamaka pofupikitsa ndime kapena kundipatsa mitu ingapo yoti ndisankhepo. Koma mukangoiuza kuti ilembe press release yonse popanda kuipatsa mfundo imadzaza mawu okoma opanda kanthu, ndipo imatha kupeka nambala kapena mawu a munthu mosaphethira. Ipatseni mfundo zanu, ndipo dzina lililonse, deti ndi nambala muzione ndi maso anu musanatumize.

Nthawi zinanso press release siyofunika nkomwe. Ofesi yasintha maola otsegulira, kapena mwapenta geti, imeneyo ndi post ya pa Facebook, mphindi zitatu. Ndipo bwana akafuna kuti chikalata chituluke chonse ndi logo popanda kusintha liwu, muwauze mwaulemu kuti chimenecho ndi chilengezo cholipira, apite ku dipatimenti ya zamalonda ya nyuzipepalayo ndi ndalama. Mtolankhani ali ndi ufulu wodula, wofunsa mbali ina, ngakhale wosalemba kumene.

Pansi penipeni ikani nambala ya munthu amene adzayankhedi foni tsiku limenelo, osati ya landline ya ofesi yomwe inasiya kulira kalekale, osatinso ya bwana amene akhala mu workshop ku Mangochi foni ili pa silent. A wailesi amafuna mawu a munthu oti aulutse, ndiye akaimba pasapezeke wina woyankha kuti dikirani ndifunse kaye. Ngati woyankhayo ndi inu, tchajani foni usiku wake ndipo mfundo zija mukhale nazo papepala m'thumba.