Funso limene anatifunsa tisanapachike zithunzi

Sabata yatha ife ophunzira zojambula a chaka chachiwiri tinali ndi chionetsero cha zojambula zathu kuno ku Zomba. Tisanapachike kanthu pakhoma, aphunzitsi anaimiritsa aliyense pafupi ndi ntchito yake n'kumufunsa kuti, "Chinakutuma kujambula chimenechi n'chiyani?" Ine ndinali nditakonzeka kufotokoza za pensulo yofewa yakuda kwambiri ya 6B ndi mmene ndinaikira mithunzi, ndiye funsoli linandidzidzimutsa.

Anayamba ndi mnyamata wa ku Chilobwe. Chithunzi chake ndi khoma la nyumba yopanda denga, pakhomo pali patapata mmodzi wa mwana. Utoto wofiirirawo anaupanga yekha, anasefa dothi n'kusakaniza ndi guluu, moti ukayandikira umaona timchenga. Nyumba yawo inapita ndi matope amene anatsika m'phiri la Soche nthawi ya namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, ndipo foni imene munali zithunzi zakunyumba inapita nawo. Anati wayamba kuiwala kuti zenera linali mbali iti, n'chifukwa chake amaijambula mobwerezabwereza. M'chipinda monse munangoti zii.

Mtsikana wa ku Dedza anajambula ndi makala manja a agogo ake akuumba mbiya. Nkhope palibe, ndi manja okhaokha, zala zopindika ndi dongo m'zikhadabo. Kumudzi kwawo palibe wa msinkhu wake amene akuphunzira kuumba, onse amatungira madzi m'zigubu. Wina anangonena poyera kuti iye akufuna ndalama, zithunzi za maukwati zimene amatsatsa pa WhatsApp ndizo zimamulipirira lendi ndi ndiwo. Ena anaseka, koma ine ndinamulemekeza, chifukwa pakati pa tonsefe amene amajambula tsiku lililonse ndi iyeyo, ndipo dzanja lake limaoneka.

Akuyankha anzangawo, maganizo anga anapita ku Chongoni, kumene tinapita chaka chatha. M'mapiri a ku Dedza amenewa muli malo 127 okhala ndi zojambula pamatanthwe, ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawaika pamndandanda wa malo osungidwa a dziko lonse mu 2006. Zofiira, zamizeremizere ndi zozungulira, anajambula ndi Akafula. Zoyera anajambula ndi Achewa, pogwiritsa ntchito dothi loyera, zina zokhudza chinamwali, zina za nyau. Nthawi imeneyo ndinangolemba zaka ndi manambala m'kope kuti ndidzakhoze mayeso. Sindinaganizire za mayi amene anaviika chala m'dothi n'kujambula pathanthwe kuti namwali asaiwale mwambo. Dzina lake sanalembepo, koma chimene ankajambulira ankachidziwa bwino, pamene ine wokhala ndi mapepala ogula ndinalibe yankho.

Itafika nthawi yanga ndinati ndimakonda maonekedwe a zilembo. Aphunzitsi anandiyang'ana nthawi yaitali n'kupita kwa wina. Anadziwa kuti sindinanene zonse.

Chithunzi changa ndi khomo la golosale, dzina lake lalembedwa theka, makwerero atatsamira khoma. Bambo anga ndi olemba zikwangwani pamsika wakwathu ku Ntcheu. Ndili ku pulayimale ndinkawagwirira chitini cha penti, iwo ali pamakwerero. Ankapaka choko pachingwe, tikachikoka mbali zonse iwo n'kuchithwanula pakhoma kuti mzere uwongoke. Madzulo ntchito yanga inali yotsuka maburashi ndi parafini. Nditabwera kuno ndinayamba kubisa zimenezi, poganiza kuti anzanga anena kuti kulemba pa mabutchala ndi pa malo ometera si luso. Masiku ano maso awo afooka, ndipo eni mashopu ambiri amangokasindikizitsa zinsalu zapulasitiki m'tauni. Ntchito yawo ikufufutika khoma ndi khoma, wina akangopaka laimu basi yapita.

Usiku womwewo ndinawaimbira foni n'kuwafunsa kuti zikwangwani zawo zatsala zingati. Anawerenga okha pang'onopang'ono n'kupeza zinayi, chimodzi chili pachigayo, ndipo anati chimenecho ndinalemba nawo nambala yomaliza ndili mu Sitandade 5. Tikatsekera ndikukakhala pachigayopo ndi kope langa kuti ndikopere chilembo chilichonse mmene chilili, ndipo ndawapempha kuti adzabwere ndi chingwe chija.