Mano a kambuku m'khosi mwa wankhondo wa ku Benin

Mtima wanga tsopano wakhala pansi pa phunziro lathu la zithunzi zamkuwa za ufumu wakale wa Benin, m'dziko lomwe lero ndi Nigeria. Za phula ndi dongo, ndi mmene osula a mfumu, a gulu lotchedwa Igun Eronmwon, amathirira mkuwa, sindibwerezanso, tonse tinaloweza. Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti pa zithunzi zamkuwa zija, zomwe zinkakhomedwa pansanamira za nyumba ya Oba, mfumu ya Benin, wankhondo ndi mfumu amaoneka olemera mofanana: mikanda, lupanga, anyamata ang'onoang'ono m'mbali. Nanga mwini mphamvu ndani?

Yankho lili m'khosi. Wankhondo wavala mano a kambuku, pachifuwa pali belu lamakona anayi. Koma kambuku si wake. Kwa Aedo, anthu a ku Benin, kambuku ndi mfumu yakutchire, Oba ndi mfumu yapamudzi, ndipo mphamvu yochotsa moyo inali ya Oba. Mano amene aja ndi obwereka! Wankhondo akupha m'dzina la mwini wake. Mikanda yofiira yochokera m'nyanja nayonso ankagawa ndi Oba. Ndiye onani Oba mwiniwakeyo: pa zithunzi zina wagwira akambuku awiri michira, miyendo yake yasanduka milamba, nsomba za Olokun, mulungu wa nyanja. Wina wapatsidwa dzino lokha, wina wanyamula chilombo chonse. Kukula kwa thupi nakonso si msinkhu wa munthu ayi, ndi udindo wake.

Ndinazindikira izi nditayamba kukopera zithunzizo ndi pensulo. Ukamajambula dzino limodzilimodzi, dzanja limaona zimene maso anadumpha. Ine ndikuti aliyense wophunzira phunziroli azijambula, ngakhale mabuku asawerenge. Palibe njira yoposa imeneyi.

Chondiwawa n'chakuti m'kalasi nthawi yonse inathera pa 1897, asilikali a Britain atalanda zinthuzi ndi kuthamangitsira Oba Ovonramwen ku mzinda wa Calabar. Nkhani yofunikadi, yopweteka. Koma aphunzitsi athu ankangothamangitsa zithunzi, osaima n'kutifunsa kuti munthuyu wavala chiyani. Za Idia, mayi a Oba Esigie, amene amakumbukiridwa pa nkhondo yolimbana ndi Aigala, mtundu woyandikana nawo, anangozitchula mongodutsa, mayeso ali pakhomo.

Pamene ndikukayikabe ndi pa Idia pomwepo. Ngati mphamvu zonse zimatsika kuchokera kwa Oba, nanga za mayi amene anathandiza mwana wake kupambana nkhondo, wabwereka ndani kwa mnzake? Mwina kawerengedwe kangaka kakugwira pa ankhondo okha. Mitu yamkuwa ya Idia sindinayambe kuijambula.