Hutala yolira pokhota pokha

Lolemba m'mawa m'galaja munalowa Hilux ya D-4D yoyera, kumbuyo ikununkhabe anyezi wa ku Dedza. Mwini wake anatsika atagwira katoni m'manja. "Amisiri, ingondimangirani iyi, yakaleyo yafa. COF ikutha sabata ino." COF ndi chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. M'katonimo munali hutala yatsopano. Ambiri amabwera chomwechi: hutala ikangoti zii, amathamangira kushopu kukagula ina, chonsecho hutala ili kumapeto kwa mzere wautali ndipo kawirikawiri imafera mlandu wa eni.

Moto umachoka ku batire, n'kudutsa pa fyuzi, imene pa ma Toyota ambiri ndi ya 10A ndipo imalembedwa HORN, kenako n'kufika pa relay. M'kati mwa relay muli koyilo yaing'ono, miyendo yake 85 ndi 86, komanso switchi yonyamula moto waukulu, miyendo 30 ndi 87. Ma relay ena a ku Japan amalembedwa 1 ndi 2 pa koyilo, 3 ndi 5 pa switchi, koma ntchito ndi yomweyo. Batani la pachiwongolero silinyamula moto wa hutala ayi. Limangopereka earth ku koyilo, kutanthauza kuilumikiza ku chitsulo cha bodi, koyilo n'kusanduka maginito, n'kukoka switchi, moto n'kuwolokera ku hutala. Hutalayo imabweza motowo ku bodi kudzera pa bauti imene yaimangirira. Paliponse pamzerewu pakaduka, chomwe dalaivala amamva ndi chimodzi: zii.

Choyamba chinali kuyesa hutala yakale ili pamalo pake. Tinazula pulagi, n'kutenga waya wokhala ndi fyuzi yakeyake kuchokera pa positive ya batire, n'kukhudzitsa pamwendo wa hutala. Inalira mpaka mwini wake kudzidzimuka. Fyuzi nayo inali bwino. Fyuzi sayesa ndi maso okha, chifukwa ina imaduka pakona posaoneka. Pamsana pake pali timabowo tiwiri toonetsa chitsulo, ndipo tesita iyenera kuyaka pa tonse tiwiri. Kenako dzanja pabokosi la mafyuzi, mnyamata akudina batani. Relay yamoyo imamveka kuti khethe, ndipo chala chimaimva ngakhale pali phokoso la jenereta. Apa panalibe kanthu.

Pa ma Toyota ena a masiku ano relay ya hutala inaumbidwira pamodzi ndi zinzake, moti siizulika payokha, choncho panalibe chifukwa chotayira nthawi kumeneko. Tinachotsa mapulasitiki okuta khosi la chiwongolero, n'kupeza waya wa hutala papulagi ya m'munsi mwa clock spring (lamba wa mawaya wa kuseri kwa chiwongolero), womwe pa mapu a mawaya a Toyota amaulemba HO. Titaukhudzitsa ku chitsulo, relay inati khethe, hutala n'kulira. Ndiye kuti fyuzi, relay, mawaya ndi hutala zonse zinalibe mlandu. Vuto linali pakati pa pulagiyo ndi batani. Pamalo amenewa pali lamulo losanyengerera: pulagi yachikasu ndi ya airbag, sailasa ndi tesita kapena mita.

Mnyamata anadina batani osasiya, n'kumazunguza chiwongolero pang'onopang'ono injini ikulira. Chili pakati, zii. Chitapendekera kumanzere pafupifupi theka, pii, kenako ziinso. Padashibodi getsi la airbag linali chiyakire. Titafunsa, mwini wake anati linayamba kuyaka atangosinthitsa rack, chitsulo chimene chimakhotetsa matayala, kwinakwake miyezi ingapo yapitayo, ndipo anamuuza kuti lidzazima lokha.

Clock spring ndi lamba wopyapyala wa mawaya, wokulungidwa ngati nkhata m'kabokosi kozungulira kuseri kwa chiwongolero. Mukamakhota, nkhatayo imamasuka kapena kumangika, moto n'kumadutsabe. Imalola kuzungulira pafupifupi kasanu kuchokera kumapeto ena kukafika kwina. Munthu akamasula rack osamangirira chiwongolero, chimazungulira chokha, kapena wina amachiseweretsa podutsa, ndipo pobwezeretsa lambayo amakhala atasuntha ulendo umodzi wathunthu. Galimoto imayenda bwinobwino mpaka tsiku lokhota mpaka kumapeto, lamba n'kukokeka, n'kung'aluka. Mbali zong'alukazo zimakhudzanabe chiwongolero chikafika pamalo ena, n'chifukwa chake hutala imalira pokhota pokha.

"Bwanji mungondiikira kabatani padashibodi, achimwene? Minibasi zambiri zili choncho," anatero mwini Hilux. Zoona, zilipo zambiri, ndipo ndi ntchito ya mphindi khumi. Koma lamba yemweyo ndi amene amapereka moto ku airbag, ndiye kabataniko kangabise chilonda. Komanso mwana akatulukira mwadzidzidzi pa Lizulu, dzanja limamenya pakati pa chiwongolero, silisakasaka batani pafupi ndi wailesi. Tinagwirizana zoitanitsa clock spring ina potengera nambala ya chassis, chifukwa zimasiyana: ya galimoto yokhala ndi mabatani a wailesi pachiwongolero ili ndi mawaya ambiri kuposa ya yopanda, ngakhale kunja zifanane.

Lachiwiri kunabwera Nissan Hardbody ya matola, hutala yake yosasa mawu ngati mbuzi yogwidwa pakhosi. Iyi ndi imene imapusitsa anyamata ophunzira ntchito. Mnyamata anazula pulagi, n'kuyeza ndi multimeter wina akudina batani, n'kupeza 12.4V. Anagamula pompo kuti moto ukufika, hutala ndiye yatha. Koma mita siikoka moto. Ngakhale waya atatsala kaulusi kamodzi kokha, iwerenga 12V. Hutala imodzi imafuna 3A mpaka 5A, ndipo kaulusi kamodzi sikangadutsitse moto wotero. Titabwezera pulagi n'kuyezanso hutala ikulira, mita inagwa kufika pa 8V.

Njira yosavuta ndiyo kuyesa ndi babu ya hedilampu ya 55W m'malo mwa hutala, chifukwa imakoka moto wofanana nayo. Ikayaka mofiirira, pali pamene moto ukutsamwa. Kuti mupapeze, mwendo umodzi wa mita ukhale pa positive ya batire, wina pamwendo wa hutala, batani litadinidwa. Chomwe mita ikuonetsa ndi moto wotayika m'njira, ndipo sukuyenera kupyola 0.5V. Mbali ya earth chimodzimodzi: kuchokera pathupi la hutala kukafika pa negative ya batire, 0.2V ndiye malire. Pa Hardbody iyi mbali zonse ziwiri zinali zodwala. Kuseri kwa bampala wina analumikiza waya mongopota ndi zala n'kukulunga tepi, madzi a dzinja n'kulowamo, kopa yense n'kusanduka wobiriwira, wofumbutuka. Tinadula mpaka pamene kopa akuwala, n'kuika chidutswa cha 1.5mm², kuwotcherera ndi solder, n'kuveka heat shrink, kapaipi kapulasitiki kofinyika kakatenthedwa. Bulaketi inali dzimbiri lokhalokha. Sandipepa mpaka chitsulo chiyere mbali zonse, bauti yatsopano, girizi pang'ono pamwamba titamanga kale.

Mawu anabwerera, koma osakwanira. M'kati mwa hutala muli koyilo, chitsulo chopyapyala chonjenjemera ngati chikopa cha ng'oma, ndi mapointi amene amatseka n'kutsegula maulendo 400 kapena 500 pa sekondi. Mapointiwo akadyeka, mawu amasintha. Hutala zambiri zili ndi kabauti kuseri kosinthira mpata wa mapointi. Kuzunguza pang'ono chabe, kota imodzi, n'kuyesa, osati kupotokola ngati mukumanga tayala. Apa kota imodzi inakwana. Zina ziwiri zimene anthu sazilabadira: hutala isakhudze bodi kapena rediyeta, ilendewere pa bulaketi yake yokha kuti inthunthumire momasuka, ndipo ya mtundu wa nkhono kukamwa kwake kuloze pansi. Ikaloza m'mwamba imamwa madzi a kukawasha ndi matope a m'misewu ya fumbi, ndipo imatha dzinja limodzi.

Lachitatu linali la vuto lotembenuka: Isuzu KB yomwe inadzutsa mudzi wonse usiku, ikulira yokha, mpaka mwini wake anazula batire. Popeza batani limangopereka earth, waya wake akasupuka n'kukhudza chitsulo paliponse, relay imaona ngati munthu wadina. Nthawi zina ndi relay yeniyeniyo imene mapointi ake amamatirirana. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Tinazula relay n'kuyeza pakati pa 30 ndi 87: panali potseguka, monga ziyenera kukhalira. Koyilo inawerenga ma ohm 80, zomwe zili bwino. Koma pa soketi, mwendo wopita ku batani unali ndi earth popanda wodina. Wayayo tinamupeza atapanikizika pa bulaketi ya khosi la chiwongolero, pomwe woika alamu anadutsitsa mtolo wake. Zoterezi zikakuchitikirani usiku, zulani fyuzi ya hutala kapena pulagi ya pahutala penipeni. Dziwani chabe kuti pa ma Toyota akale fyuziyo imalembedwa HAZ-HORN, ndiye mukaizula mahazadi nawonso apita.

Za magalimoto akale opanda airbag, iwo alibe clock spring. Kuseri kwa chiwongolero kuli mkombero wa mkuwa, ndi kamsomali kokankhidwa ndi sipuling'i kamene kamakhula pamkomberopo. Kakafupika ndi zaka, hutala imayamba kusankha masiku. Kusintha kamsomaliko, kupukuta mkombero, ndi kupaka girizi wochepa kwambiri, basi yatha.

Lachinayi kunanunkha pulasitiki yopsa. Ford Ranger, mwini wake anaikitsa hutala zamphepo zija zolira ngati thiraki ya ku Beira, ndipo woikayo analumikiza kompuresa yake ku waya wa hutala yakale. Kompuresa yotere imakoka 15A mpaka 20A, pamene mzerewo unapangidwira moto wocheperapo. Fyuzi itapsa anaikapo ya 30A, nayo pambuyo pake inalowedwa m'malo ndi timaulusi ta waya. Fyuzi imateteza waya, osati hutala. Mukaikulitsa, wayayo ndiye amasanduka fyuzi, ndipo amapsera m'kati mwa mtolo pamodzi ndi anzake. Tinasenda mtolowo pafupifupi mita yathunthu n'kusintha mawaya atatu omwe anali atamatirirana. Walira mvula walira matope: wofuna hutala yaikulu avomere mzere wakewake. Waya wa 2.5mm² kuchokera ku batire, fyuzi ya 20A pafupi ndi batire penipeni, relay ya 30A, moto kulowa pa 30 n'kutulukira pa 87 kupita ku kompuresa. Waya wakale wa hutala amangopita pa 86 kukadzutsa koyilo, 85 n'kupita ku bodi. Ntchitoyi inadya tsiku lonse.

Clock spring ya Hilux inafika Lachisanu masana. Matayala tinawaongola kaye kuti aloze kutsogolo ndendende, kiyi n'kuchotsa, negative ya batire n'kumasula. Toyota imati mudikire masekondi 90 kuti moto wosungidwa m'kompyuta ya airbag uthe; ife timadikira mphindi zingapo, palibe chothamangira. Airbag imagwidwa ndi mabauti awiri a Torx T30 m'mbali mwa chiwongolero. Ikatuluka, mumatukula kaloko ka pulagi ndi chinthu chopyapyala, osakoka mawaya, ndipo mumaiika pambali nkhope yake italoza kumwamba. Itaphulika ili chafufumimba, imauluka ngati mwala.

Nati ya pakati ndi ya 19mm. Musanazule chiwongolero, lembani mzere pa shafiti ndi pachiwongolero kuti zidzabwerere pa mano omwewo, ndipo natiyo isiyeni itagwira mano awiri kapena atatu pamene mukugwedeza. Chiwongolero chimakakamira, kenako chimabwera mwadzidzidzi, ndipo popanda natiyo chimafikira pamphuno. Yakaleyo titaitsegula, lamba anali atang'aluka pafupi ndi pomwe amalowera m'pulagi, mizere itatu yoduka.

Yatsopano imabwera ndi kapini koitsekera pakati, ndipo kapiniko sikachotsedwa mpaka itakhala pamalo pake. Ngati ndi yogula kwa ophwasula magalimoto, ya kapini kulibe, musakhulupirire kuti ili pakati. Izunguzeni ndi chala mobwerera kumanzere mofatsa mpaka iyambe kulimba, osaikakamiza, kenako mubwerere kumanja kawiri ndi theka, timivi take tiwiri tiyang'anizane. Chiwongolero chinabwerera pamzere wake, nati n'kumangidwa 50Nm, mapulagi onse n'kumveka kuti alowa, batire kumapeto, popanda munthu wokhala pampando wa dalaivala.

Loweruka m'mawa tinamaliza ndi kuyesa. Kiyi itatembenuzidwa, getsi la airbag linayaka masekondi 6 n'kuzima. Makina opimira galimoto anaonetsa khodi ya vuto lakale yokha, tinaifufuta, ndipo sinabwerere. Batani lili chidinire, chiwongolero mpaka kumapeto kumanja, mpaka kumapeto kumanzere, kawiri konse: hutala sinadukize, ndipo anzathu owotcherera mageti kuseri anatuluka kudzafunsa ngati kuli ukwati. Mwini Hilux anafika cha m'ma 10 koloko, n'kudina yekha katatu. Katoni ija inali pampando wakumbuyo, selotepi yake yosamatula, ndipo anayamba kufufuza lisiti m'matumba kuti akayese kuibweza shopu isanatseke.