Ulendo wa ku Tay: nsomba tinaibweza m'madzi

Gulu lathu la Amalawi okhala ku Glasgow linagwirizana kuti chaka chino tisamangokumana m'holo, kudya nsima n'kubalalika, koma tikaoneko momwe eni dziko amawedzera. Ntchito yokonza ulendowu anandipatsa ine, ati poti ndinakulira ku Nkhotakota ndipo mbedza ndinaigwira ndisanayambe sukulu. Ndinavomera modzitama. Matamawo anathera pa foni yoyamba.

Ife timafuna Lamulungu, tsiku lomwe ambiri sitili pa shifiti. Bambo wotitsogolera, amene kuno amamutcha ghillie, anandiuza kuti lamulo la Scotland sililola kuwedza nsomba yotchedwa salmon Lamulungu. Anawonjezera kuti mtsinje suli ngati nyanja yathu yomwe aliyense amangotsikirako. Unagawidwa zigawo, chilichonse chili ndi mwini wake, ndipo umagula chilolezo cha tsikulo. Pa mtsinje wa Tay, komwe timafuna kupita, nyengo ya salmon imatsegulidwa pa 15 Januwale n'kutsekedwa pa 15 Okutobala. Tinasankha Loweruka la mu Epulo, ndipo mwa anthu khumi amene analembetsa tinatsala asanu ndi mmodzi.

Tinadzera msewu wa A9 mpaka ku Dunkeld. Ndodo, zingwe ndi mabuluku a labala ofika pachifuwa tinabwereka kwa ghillie yemweyo. Anali atatichenjeza kuti m'kati tivale zaubweya, osati jinzi. A msungichuma athu sanamvere. Atangolowa m'madzi mpaka m'maondo anatuluka milomo ikunjenjemera, n'kukathera m'mawa wonse m'kanyumba ka asodzi atakumbatira fulasiki ya tiyi.

Chimene chinandisokoneza ine ndi nyambo. Nyongolotsi palibe. Amamanga nthenga ndi ubweya pambedza, zina zachikasu, zina zofiirira, n'kumati ndi ntchentche. Kanthuko n'kopepuka moti sikangakoke chingwe, ndiye chingwecho ndi chimene chimalemera, ndipo umaponya icho. Kumbuyo kuli mitengo, choncho anatiphunzitsa kaponyedwe kotchedwa Spey cast: ndodo yaitali ya manja awiri, chingwe uchipinde pambali pako chikhudze madzi pang'ono, kenako uchitumize kutsogolo. Ukaponya umasiya madzi aitenge ntchentcheyo, n'kusuntha phazi limodzi kumunsi, n'kuponyanso. Dzanja langa lozolowera mphamvu linakolowetsa mbedza pachipewa changa kawiri. Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chomwe anatikakamizira magalasi.

Pa nkhomaliro ghillie anatiuza kuti salmon ikachoka kunyanja ya mchere n'kulowa mumtsinje kukaswana, sidyanso. Ndinamuuza za mpasa, womwe nawonso umachoka m'nyanja ya Malawi n'kukwera mtsinje wa Bua nthawi yoswana. Anatchera khutu kwambiri. Iye anatisimbira za mayi wina dzina lake Georgina Ballantine, amene mu 1922 anakola salmon ya mapaundi 64, pafupifupi makilogalamu 29, pa Tay pomwepa, ndipo palibe amene wamuposa ndi ndodo ku Britain konse. Amayi a m'gulu anaomba m'manja ngati ndi mbale wawo.

Ndipo amene anakola analidi mayi. Mayi a Chisomo, omwe sanagwirepo mbedza chibadwire, anachita zonse monga anauzidwira, osathamanga. Cha m'ma 3 koloko chingwe chinakungika, chokulungira chinalira, iwo n'kukuwa kuti "Achimwene, ikundikoka!" Ghillie anangoima pambali n'kumati akweze ndodo. Patapita mphindi ngati khumi nsomba inalowa mu ukonde wake, yonyezimira ngati ndalama yatsopano, kutalika ngati mkono wanga wonse.

Ine m'mutu ndinali nditaidula kale mapisi asanu ndi limodzi, mutu wa a tcheya. Ghillie anagwada, ananyowetsa manja, anachotsa mbedza nsombayo ili m'madzi momwemo, n'kuigwira itayang'ana komwe madzi akuchokera mpaka inagwedeza mchira n'kupita. Salmon zachepa kwambiri, anatero, ndipo pachigawo chake za nyengo ino zimabwezedwa zonse. Ndikumvetsa, pakuti mpasa nawonso wasowa ku Bua, koma kunena zoona m'mimba munandipota.

Pobwerera tinaima ku Perth n'kugula fish and chips. A msungichuma akuti ulendo wina ukhale mu Juni ndipo adzavala zaubweya. Amene mukufuna kudzapita mulembetse msanga, chifukwa ghillie mmodzi sangayang'anire oyamba kumene oposa asanu ndi mmodzi, ndipo masiku a Loweruka amatha msanga.