Chitseko cha kumapeto kwa khonde

Chipinda chimene ndimagwiramo ntchito chili kumapeto kwenikweni kwa khonde la chipatala chathu cha boma, kupitirira kolandirira mankhwala. Pachitseko panalembedwa za thanzi la m'maganizo, koma anthu amangoti "kwa amisala". Mwina n'chifukwa chake wovutika ndi mowa sabwera ndi miyendo yake. Amabwera atanyamulidwa.

Lolemba lapitali amene ananyamulidwa anali bambo wina, kalipentala wa zaka zopitirira 40. Anabwera nawo ndi akazi awo ndi alamu awo, manja atawamanga ndi chitenje. Thukuta lili kamukamu, thupi lonse njenjenje, akukuwa kuti linthumbu likutsika pakhoma. Mayiwo sanadikire kuti ndiwafunse.

"A nesi, bambo akunyumbawa anthu awachita chipongwe. Lachisanu anawapempherera, anataya kachasu yense, anasiyiratu. Mpamene zayambira izi."

Nditangomva za Lachisanulo ndinawerenga masiku pa zala. Atatu. Bambowa akhala akumwa kachasu tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Mowa umafooketsa ubongo, ndiye ubongo umazolowera kulimbana nawo. Ukauchotsa mwadzidzidzi, ubongo umathamanga ngati minibasi yoduka mabuleki pamtsetse. Tsiku loyamba munthu amanjenjemera, kusanza, tulo osabwera. Ena amagwa ngati a khunyu. Pakatha masiku awiri kapena atatu amayamba kubwebweta ndi kuona zinthu zimene palibe. Madotolo amati delirium tremens, ndipo imapha munthu akapanda kuthandizidwa. Chimandiwawa n'chakuti banjali linachita zimene aliyense amauza chidakwa: siya lero lomwe. Palibe anawauza kuti wozama mu mowa chotere amafunika kusiya ali pafupi ndi chipatala.

Tinawagoneka kuwodi, a dotolo n'kulemba diazepam, mankhwala okhazika ubongo pansi, ndi thiamine, vitamini B1 amene zidakwa zambiri zimasowa m'thupi. Chitenje chija tinamasula. Za ufiti sindinatsutsane nawo mayiwo. Ndinangowapempha kuti atipatse masiku atatu, akaona kuti sizikusintha tidzakambirane.

Lachiwiri linali la kliniki wamba. Ndili ndi pepala la mafunso 10 la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, lotchedwa AUDIT, loyezera mmene mowa wam'fikitsira munthu. Funso lachiwiri ndi lija lakuti mumamwa wochuluka bwanji pa tsiku. Yankho la pafupifupi aliyense ndi limodzi: "Awiri basi." Awiri a chiyani? Ukafunsitsa upeza kuti ndi mabotolo awiri a Fanta odzaza kachasu.

Lachitatu kunabwera mayi wina ndi mwana wawo wa Fomu 3, maso ali psu, fodya wamkulu. Mayiwo anali atatopa. "Mungomutumiza ku Zomba akam'konze." Anthu ambiri amaganiza kuti Zomba Mental Hospital ili ngati galaja, kusiya munthu n'kudzam'tenga ali bwinobwino. Kumeneko timatumiza amene matenda awo atikulira ife, ndipo naye akabwerako amadzapeza anzake omwewo pa chigayo chomwecho. Ndinawauzanso za a St John of God, amene ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ndipo ali ndi ndondomeko yothandiza ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Mayiwo anayamba kuwerengera ya transipoti, n'kungoti zii. Mnyamatayo ndiye anandiseketsa, akuti boma linaloleza chamba. Lamulo la 2020 lija linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa amene ali ndi chiphaso, osati kusuta kuseri kwa kalasi. Tinagwirizana kuti azibwera Lachitatu lililonse, yekha, mayi ake azidikira panja. Makolo akakhalapo ana sayankhula.

Kachasu ndi chamba tinazipeza, koma ana a msinkhu umenewu ambiri anayambira pa mowa wotchipa wa m'masitolo. Masacheti analetsedwa, m'malo mwake munabwera midoli, timabotolo tokwana m'thumba la yunifomu.

Lachinayi kalipentala uja anali atatsitsimuka. Linthumbu linali litachoka pakhoma, patatsala manyazi. Anakhala pabedi atazolika, akusisita mkono pamene panamangidwa. Apa mpamene ntchito yanga yeniyeni imayambira, poti jakisoni amachotsa kunjenjemera koma ludzu la mowa limakhalapobe. Sindinawafunse chifukwa chimene amamwera. Ndinafunsa nthawi, malo, ndi anthu amene amamwa nawo. Zinapezeka kuti njira yochokera ku shedi kwawo imadutsa pa nyumba ya mayi wina wotcheza kachasu, ndipo makasitomala ambiri amawapeza pomwepo akafuna kumaliza ndalama ya mpando kapena chitseko. Ndalama imalowa m'manja iwo atakhala kale pabenchi la mowa.

"Nanga bambo, makasitomala atamatumiza pa foni ya amayiwa?"

Anakhala kaye chete. Kwa mwamuna wa kwathu kuno funso limeneli ndi lolemera kuposa jakisoni. Kenako anati tiyese mwezi umodzi. Tinapezanso njira ina yobwerera kunyumba, yozungulira kusukulu, yotalikirapo pang'ono. Ndinawauza za kagulu ka abambo amene amakumana Loweruka m'mawa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chipinda chathu. Onse anadutsa momwemu, ena anabwereranso ku mowa kangapo, ndipo amauzana zimene ine wovala yunifomu sangandiuze.

Lachisanu tinawatulutsa. Ndinalemba tsiku lobweranso m'kabuku kawo ka kuchipatala, mayiwo n'kukakulunga m'chitenje chomwe chija. Alamu awo anabwera kudzawatenga, ndipo pondithokoza anawerama pafupi. Fungo linandipeza, nthawi ili 10 koloko m'mawa. Ndinakoka mpando n'kutulutsa pepala la mafunso lija.

"Ine a nesi?" anaseka. "Ine ndimangomwa awiri basi."