Amayi ayendanso: zikomo kwa nonse amene munatigwira dzanja

Dzulo, pa 1 Okutobala, amayi anga anayenda okha kuchokera pakhomo la holo kukafika pampando wawo. Ndinkawerenga chamumtima, ndipo anaponya mwendo ka 23. Ndodo inali kudzanja lamanzere, mwendo wakumanja ukukhwekhwerezeka pang'ono, koma palibe amene anawagwira. Anzawo a m'gulu la achikulire anali atasonkhana kukumbukira tsiku la anthu achikulire padziko lonse, limene bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 1990. Atawaona akulowa, phokoso lonse linatha, aliyense maso ali pa ndodo ija, mpaka amayi atakhala pansi. Apo m'pamene anayamba kuwomba m'manja. Miyezi 11 yapitayo amayi omwewa sankatha kudzitembenuza pabedi. Ndalemba izi kuti ndithokoze anthu amene anatifikitsa pamenepa. Mayina sinditchula, koma aliyense adzizindikira yekha.

Ndiyambe ndi inu aneba athu. M'mawa wa tsiku limene anadwala ndinapeza amayi atakhala m'mphepete mwa bedi, akuyesa kuvala nsapato koma dzanja lamanja likukana. Pakamwa panali patapotokera mbali imodzi. Ankafuna kunditchula dzina, koma mawu ankangotuluka osamveka. Ine ndinaganiza kuti ndi kutopa, ndipo ndinali pafupi kuwagoneka kuti apume. Inu munangowayang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Mayi, kwezani manja onse awiri." Lamanzere linakwera, lamanja linagwa. Munandiuza kuti ndisawapatse madzi kapena mankhwala aliwonse, iyi ndi sitiroko, tithamangire kuchipatala. Kumeneko funso loyamba la adokotala linali lakuti ndinawaona komaliza ali bwinobwino nthawi yanji. Anandifotokozera kuti pali mankhwala osungunula magazi oundana mu ubongo amene amaperekedwa pasanathe maola anayi ndi theka chiyambireni vutolo, ndiponso kuti amayamba ajambula mutu, chifukwa sitiroko ina imabwera mtsempha ukaphulika, ndipo pamenepo mankhwala omwewo akhoza kupha munthu. Amayi inawagwira ali m'tulo, kotero mwayi wa mankhwalawo unatidutsa. Komabe kufika msanga kunathandiza kuti BP yawo iyang'aniridwe komanso kuti awayeze kamezedwe asanalawe kanthu. Anali atasiya kumwa mapiritsi a BP kwa miyezi ingapo poona kuti akupeza bwino, ine osadziwa. Zimenezo zimandiwawabe mumtima.

Kuchipatala mantha anali ochepa, popeza anamwino anali pafupi usana ndi usiku. Mantha enieni anandigwira tsiku limene anatitulutsa. Ndinatseka chitseko cha kunyumba, ndikuyang'ana amayi ali gone pabedi, ndipo ndinazindikira kuti sindidziwa ngakhale kuwanyamula osawapweteka phewa.

Patapita masiku awiri munabwera inu alangizi a zaumoyo amene mumayendera odwala m'makomo. Simunafike ndi mapepala ambirimbiri. Munapinda malaya m'mikono n'kundionetsa ndi manja anu: kuwatembenuza maola awiri aliwonse, kuika pilo pakati pa maondo, kusakoka dzanja lofookalo powadzutsa. Munandionetsa malo oyenera kuyang'ana tsiku ndi tsiku, kuzidendene, m'chiuno ndi kumunsi kwa msana, chifukwa ndi m'mene zilonda zimayambira munthu akagonera mbali imodzi nthawi yaitali. Munati khungu likafiira kapena kuda, osabwerera mwakale, ndikuitaneni tsiku lomwelo. Munandiphunzitsa kuwadyetsa atakhala tsonga, pang'onopang'ono, n'kuwasiya chikhalire kwa theka la ola akatha kudya, kuopa kuti chakudya chingalowere kumapapo n'kuyambitsa chibayo. Miyezi yonseyi amayi sanatuluke chilonda ngakhale chimodzi. Ntchito imeneyo ndi yanu.

Tsopano inu a mafizo. Ndinene zoona, masabata oyambirira ndinkakuonani ngati munthu wouma mtima. Ndikukumbukira tsiku limene amayi ankalimbana ndi batani la malaya awo. Zala zakumanzere sizinazolowere ntchitoyo, zakumanja zili lende. Batani linkalowa theka n'kutulukanso. Thukuta linayamba kuwatuluka pamphumi, milomo ikunjenjemera. Ine ndinatambasula dzanja kuti ndiwamangire, inu n'kundigwira pamkono mwakachetechete. Munandinong'oneza kuti, "Achemwali, musawalande. Chimene angathe kuchita okha, asiyeni achite, ngakhale chitenge ola." Amayi anakwiya, anakankha malayawo, analira. Inu munangokhala phee, kudikira. Kenaka anawatolanso okha. Batanilo litalowa, anandiyang'ana ndi maso amene ndinali ndisanawaone chidwalireni, maso a munthu amene akudziwa kuti akadalipo.

Usiku umenewo ndinaganizira kwambiri za chikondi changa. Ndinkawasambitsa, kuwaveka, kuwadyetsa, kuwayankhira mafunso alendo akabwera, ndipo ndinkati ndikuwasamalira. Koma pa chilichonse chimene ndinkawachitira mothamanga, ndinkawachotsera kanthu kena kawo. Munandifotokozera kuti ubongo ukavulala, mbali zina zimatha kuphunzira ntchito ya mbali yowonongekayo, koma zimaphunzira pobwerezabwereza, ndipo miyezi yoyambirira ndiyo ya mtengo wapatali. Ndiye tinabwereza. Kukhala, kuimirira, kukhalanso, kakhumi m'mawa, kakhumi madzulo. Kutola zivindikiro za mabotolo patebulo. Kupondera mwendo wofookawo atagwira m'mphepete mwa tebulo. Zinali zotopetsa ndiponso zosaoneka phindu lake tsiku ndi tsiku, koma kuyenda kwa dzulo kuja kunachokera m'zimenezi. Mwa onse amene anatithandiza, ndaona kuti amene anatipindulira kwambiri ndi aja ankadziwa nthawi yobweza dzanja lawo.

Ndithokozenso gulu limene limabwereketsa zipangizo kwa okalamba ndi odwala. Munatibwereka njinga ya olumala ndi mpando wa kuchimbudzi popanda kutifunsa mafunso ochititsa manyazi. Mmodzi wa inu anayendera nyumba yonse n'kutiuza zochotsa: kakapeti ka pakhomo kamene kankaterereka, nthambo ya magetsi yodutsa pansi, masilipasi okhwepa. Anatilangiza kuti nyali ya pakati pa bedi ndi chimbudzi izikhala yoyaka usiku. Anatiuza kuti, malinga ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo opitirira zaka 60 ndi amene amafa kwambiri mwa njira imeneyi. Kwa inu akalipentala amene munakhoma zogwirira m'bafa n'kukana malipiro, Mulungu akuonjezereni.

Pa nkhani ya mapepala a chithandizo cha okalamba ndili ndi chithokozo komanso kachidandaulo. Ku ofesi ina imene tinayamba kupita, munthu amene anatilandira ankalankhula ndi ine ndekha. Amayi ali pomwepo pa njinga yawo, iye n'kundifunsa kuti, "Kodi amamva awa?" Amayi amamva zonse. Sitiroko ya mbali yakumanzere ya ubongo imafooketsa mbali yakumanja ya thupi ndipo kawirikawiri imasokoneza kalankhulidwe, koma nzeru za munthu zimakhala zilipo. Ndinaona mutu wawo ukuwerama. Pobwerera sanafune kuyang'ana aliyense. Sabata yotsatira tinakumana ndi inu a zachisamaliro cha anthu. Munakoka mpando, kukhala moyang'anizana nawo, n'kuwafunsa iwo eni kuti, "Amayi, mukufuna tikuthandizeni pa chiyani?" Yankho linatenga nthawi, mawu akudukaduka, koma simunawamalizire chiganizo ngakhale kamodzi. Munatiuzanso za mathandizo ena amene sitinkawadziwa, kuphatikizapo anthu ongodzipereka amene amakhala ndi wodwala kuti womusamalira apumeko.

Za anthu amenewo ndiyenera kulankhula mosabisa. Pofika mwezi wachinayi ndinali nditatheratu. Ndinkadzuka kangapo usiku uliwonse, masana ndili kuntchito, msana ukuwawa. Tsiku lina amayi anataya kapu ya madzi pabedi limene ndinali nditangoyala kumene, ndipo ndinawakalipira mokweza. Iwo anangotseka maso. Ndinatuluka panja n'kulira ngati mwana. Inu awiri amene munayamba kubwera Lachiwiri ndi Lachinayi masana, mwina mumaganiza kuti munkangocheza ndi amayi basi. Maola amenewo ndi amene anandibwezera tulo ndi mtima wabwino. Munanditengeranso kumsonkhano wa anthu osamalira makolo awo odwala, kumene ndinaulula zimene ndinachitazo. Palibe amene anandiweruza, komanso palibe amene anati n'zazing'ono. Wotsogolera anatikumbutsa kuti WHO imati pafupifupi munthu mmodzi mwa 6 aliwonse a zaka 60 kupita m'tsogolo amachitidwa nkhanza ya mtundu wina, ndipo anati mawu okalipa a mwana wotopa akhoza kukhala poyambira pake ngati sapeza womulandira katunduyo. Ndinapita kunyumba n'kukapepesa amayi. Anandisisita kumutu ndi dzanja lawo lamanzere. Ngati mukuwerenga izi muli ndi kholo lodwala m'nyumba ndipo mwayamba kupsa mtima ndi tinthu tating'ono, pemphani wokupumitsani lero. Ine ndinachedwa chifukwa ndinkaopa kuti anthu anena kuti ndatopa nawo amayi anga.

Thupi linkachira, koma mtima wa amayi unali utagwa. Ankakana alendo. Ankatembenukira kukhoma, chakudya n'kumangochitola pang'ono. Anamwino anatiuza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu amene adwala sitiroko amagwidwa ndi matenda a kukhumudwa, ndipo si ulesi kapena kusayamika. Anawalembera chithandizo, koma anatinso asamakhale okhaokha.

Apa ndi pamene munalowerera inu agogo a m'gulu la achikulire, inu amene munadwalapo sitiroko zaka zapitazo. Tsiku loyamba amayi sanakuyang'aneni n'komwe. Inu munangokhala pambali pa bedi, ndodo yanu mutaitsamiritsa kukhoma, osawauza zoti alimbe mtima. Pochoka munangoti, "Anzanga, ndibweranso Lachisanu." Ndipo munabweradi, Lachisanu lililonse. Ulendo wachitatu munayamba kung'ung'udza nyimbo imene munkaimba limodzi kugulu. Ine ndinali kukhitchini. Ndinamva mawu achiwiri akulowa pansipansi, ndipo ndinaima chiimire ndi mbale m'manja. Amayi amene ankalephera kunena kuti "madzi" ankaimba mzere wathunthu, liwu lililonse likumveka. Pambuyo pake wophunzitsa kulankhula anatiuza kuti zimenezi zimachitika kwa ambiri, poti kuimba kumadalira kwambiri mbali ina ya ubongo imene sinavulale, ndipo anayamba kugwiritsa ntchito nyimbo powaphunzitsa mawu a tsiku ndi tsiku. Koma amene anatsegula chitsekocho ndi inu, agogo. Zimene ife ana tinalephera ndi kuchonderera kwathu konse, inu munazitha pongokhala pafupi. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndaziona ndi maso anga.

Ndipo gulu lonse munachita chinthu chimene poyamba ndinkachiona ngati kuwavutitsa. Amayi ndi amene ankasunga kaundula wa mamembala asanadwale. Mukanatha kusankha wina, palibe akanakudzudzulani. M'malo mwake munabweretsa bukulo kunyumba n'kunena kuti likudikira mwini wake. Amayi anayamba kuphunzira kulemba ndi dzanja lamanzere chifukwa cha buku limenelo. Zilembo zoyamba zinali zazikulu, zokhotakhota, dzina limodzi likudzaza mizere itatu. Ankang'amba mapepala oyeserera n'kuyambiranso. Madzulo ndinkawapeza atawerama patebulo, lilime lili pakona pa mlomo, akukopera mayina a anzawo limodzilimodzi. Kuyambira pamenepo sindinawakakamizenso kuchita mafizo. Ankandikumbutsa ndi iwo, poti ankafuna kukafika kuholo ndi miyendo yawo.

Abale anga amene muli kutali, mafoni anu a Lamlungu lililonse ndi thandizo limene munkatumiza zinatisunga. Abwana anga ndi anzanga a kuntchito amene munkandilola kuchoka msanga masiku a kuchipatala, zikomo. Inu adalaivala amene munkatsika kudzathandiza kupinda njinga popanda kung'ung'udza, sindinakuiwaleni. Ndi inu ana a aneba amene munkabwera kudzawerengera agogo anu nkhani madzulo, amakufunsani tsiku ndi tsiku.

Ulendo ukadalipo. Dzanja lamanja silinabwerere mwakale, ndipo akatopa mawu amathawa. Mapiritsi a BP tsopano ali m'kabokosi ka zipinda 7, tsiku lililonse chipinda chake, ndipo amamwa okha ine ndikungoona. Njinga ija tikubweza Lolemba, titaitsuka ndi kupopa matayala, chifukwa tamva kuti pali bambo wina amene akuidikira. Ine ndalembetsa dzina langa kwa ongodzipereka aja, ndipo kuyambira mwezi wamawa Loweruka masana ndizikakhala ndi kholo la munthu wina kuti mwana wake akagone.

Ndisanatumize uthengawu ndinawawerengera amayi wonse. Anandiimitsa pawiri kuti ndikonze zimene ndinalakwitsa, kenaka anati ndionjezere mawu awo. Anawanena pang'onopang'ono, ndipo ndawalemba monga anatulukira: "Auze kuti ndawaona onse. Lachisanu abwere msanga, ndikaitana mayina."