Kilarineti yakale ija yafika pa 440

Anzanga oimba zitoliro, Loweruka lapitali singano ya tuner (kachipangizo koyezera kukwera kwa mawu) yaima pakati penipeni nditaimba G wotsegula pa kilarineti yakale ija ndinagula kwa bambo wina wa ku Matero mu Lusaka, kutanthauza kuti tsopano ikulira pa muyezo wa A 440 umene zida zamasiku ano zimatsatira. Ndasangalala zedi.

Kale inkalira pamwamba ndi ma cent pafupifupi 30 (ma cent 100 ndiwo mtunda wochokera pa noti imodzi kufika pa yoyandikana nayo), ndipo dzuwa la Okutobala lino likaswa mtengo inkakwera kuposa pamenepo, paja mpweya wotentha umakweza mawu a chitoliro chilichonse. Ndikasolola barrel, kachigawo kakafupi kolumikiza mouthpiece (poika pakamwa) ndi thupi la kilarineti, mamilimita 3, B wapakati ankakhala bwino, koma G, A ndi B flat za pakhosi (za mabowo a kumtunda kwa chitoliro) zinkatsika mopitirira, chifukwa mabowo ake ali pafupi ndi barrel ndiye zimamva kusintha msanga kuposa zinzake. Reed (kabango konjenjemera kotulutsa mawu) yofewa, mouthpiece ina, kumasula milomo, zonsezi sizinaphule kanthu.

Chimene chinandisowetsa tulo ndi nkhani ya high pitch, muyezo wakale wa mawu okwera. Zida zambiri zakale za ku Britain zinkapangidwa pa A 452, pomwe A 440 anagwirizana ku London mu 1939, ndipo mabandi a brass akumeneko anakakamirabe muyezo wakalewo mpaka m'ma 1960. Kusiyana kwake kumafika ma cent 47. Kilarineti ikakhala yotero palibe barrel ingaichiritse, poti mabowo onse anawaboola moyandikana. Ndinafunafuna chizindikiro cha HP (high pitch) kapena LP (low pitch) pathupi pake, osachipeza. Kenako ndinaigoneka pambali pa kilarineti ya mtundu wa Buffet ya mnzanga wa kutchalitchi, mabowo n'kugwirizana bwinobwino. Koma barrel! Yake 66 mm, yanga 62. Kumapeto kwa yangayo kukuoneka zipsera za sowo, ndiye kuti wina anaidula kale, mwina ankaimba ndi bandi yokwera mawu.

Mmisiri wina wa ku Kamwala, yemwe ali ndi lathe (makina osemera mozungulitsa), wandisemera barrel ya 66 mm kuchokera ku chidutswa cha phingo chouma bwino. Ndi yemwe uja anandikonzera zomangira za ligature (chogwirira reed pa mouthpiece) chaka chatha, munthu wodekha, amayeza kawiri asanadule. Ndipo mtengo umene azungu amautcha grenadilla, womwe amapangira makilarineti odula, ndi phingo wathu yemweyu, womera kuno ku Zambia, ku Malawi, Mozambique ndi Tanzania. Zimandiwawa kuti timaugula utabwerera kuchokera kunja.

Bowo lamkati mwa barrel ndi limene linatidyera nthawi, chifukwa likakula pang'ono chabe ma twelfth (noti yapansi ndi yapamwamba zoimbidwa ndi zala zomwezo) amatalikirana. Pakati pa ma joint (zigawo za thupi la kilarineti) ndaikapo tuning ring, kamphete ka 1 mm, kuti pasatsale mpata.

E wapansi akadali wotsika pang'ono, C wapamwamba akukwerabe. Ndiona kutalika kwa ma pad (zotsekera mabowo) kuzizira kwa Juni kukafika. Maganizo anga ndi oti tiseme ma barrel kuyambira 64 mpaka 68, kenako bell (chigawo chotambasuka cha kumunsi), mwinanso tsiku lina kilarineti yathunthu ya phingo wa kuno. Amene ali ndi reamer (chida chosalazira bowo lamkati) andibwerekeko chonde.